Zomwe ndaphunzira poyendetsa ligi ya mpira wa m'midzi kuno ku Salima

Kuno kwathu mpira sitiusowa. Mukachoka pa boma la Salima kulowera ku Senga Bay kapena ku Lifuwu, pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi bwalo lake, magolo a mitengo, ndi timu yomwe ili ndi dzina lalikulu kuposa mudziwo. Chomwe chimasowa ndi ligi. Zikho zokha zimabwera, makamaka chisankho chikayandikira. Tonse tidaona chisanafike chisankho cha pa 16 September 2025: ofuna mpando wa phungu kapena wa khansala kubweretsa mayunifolomu, mipira ndi ndalama za opambana. Sindikunyoza, chifukwa anyamata ambiri yunifolomu yawo yoyamba adaiona mwa njira imeneyi. Koma mpikisano wachipulula uli ndi masamu ake owawa. Mukaika matimu 16, matimu 8 amatuluka atasewera kamodzi kokha, ndipo chikho chonse chimatha ndi masewero 15. Anyamata a matimu ogonjawo amabwerera kukakhala pa ntchezo mpaka wina adzabweretsenso chikho.

Ligi ndi nkhani ina. Matimu 10 akamakumana kawiri, pakwawo ndi koyenda, timu iliyonse imasewera masewero 18, ndipo onse pamodzi amakwana 90. Ndiye kuti kwa masabata 18 mnyamata amadziwa kuti Loweruka ali ndi kopita, ndipo m'kati mwa sabata ali ndi chifukwa chopitira ku zokonzekera. Izi ndi zomwe ine ndi anzanga tidafuna pomwe tinkayamba. Chiyambireni, ndi kuwerenga konse komwe ndachita komanso maphunziro a ukochi a gawo loyambirira omwe bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM limachititsa, ndafika pa muyeso umodzi wodziwira ngati ligi ili moyo. Sindiyang'ana timu yomwe ili pamwamba. Ndimayang'ana yomwe ili pansi penipeni, yagonja masabata otsatizana: kodi Loweruka likubwerali ifika pabwalo? Ligi ili ngati banki m'khonde. Imayenda chifukwa aliyense amabwera tsiku lake, ngakhale yemwe sabata imeneyo zinthu sizidamuyendere.

Timu yogonja imasiya kubwera pa zifukwa zomwe komiti ingathe kuzipewa, ndipo choyamba ndi kalendala. Ndondomeko ya masewero siilembedwa pongoyang'ana masiku, imalembedwa poyang'ana moyo wa mudzi. Mvula ikayamba cha mu Novembala kapena Disembala, aliyense ali kumunda, mabwalo a m'madambo amasanduka matope, ndipo njira zina sizidutsika. Cha mu Meyi ndi Juni, anyamata a ku Lifuwu ali kalikiliki kudula ndi kumenya mpunga. Anyamata a ku doko amachezera panyanja usiku wonse ndi nyali kupha usipa. Kuwaikira masewero m'mawa ndi kuwauza kuti asabwere. Mwera ukamaomba miyezi yozizira, masiku ena salowa m'madzi ndipo timu imabwera yathunthu, koma nyanja ikadekha goloboyi amasankha bwato, ndipo sindingamudzudzule chifukwa pakhomo pakufunika ufa. Lachisanu masana abale athu Achisilamu ali ku mzikiti, Lamulungu m'mawa ena ali ku tchalitchi, a Seventh Day sasewera Loweruka dzuwa lisanalowe. Ramadani imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho kalendala ya chaka chatha simungangoikopera. Holide yaitali ikafika, ana ena amapita ku jando kapena ku chinamwali ndipo timu ya ana imatha yonse nthawi imodzi. Pamwamba pa zonsezi pali maliro. Mudzi ukagwa zovuta mpira umaima, ndipo lamulo limeneli liyenera kulembedwa poyera, pamodzi ndi tsiku lomwe masewero olepherekawo adzaseweredwe, kuti pasadzakhale wonena kuti timu ina idakonderedwa.

Nchifukwa chake msonkhano woyamba wa chaka sitichitira pabwalo la mpira. Timapita kwa a gulupu ndi a nyakwawa, timaitana a mipingo ndi mashehe, aphunzitsi aakulu a sukulu zomwe timabwereka mabwalo awo, ndi amayi a m'makomiti a sukulu. Amfumu akati, "Ana inu, mwezi umenewo kuli dambwe, musaike masewero," atithandiza kuposa munthu yemwe watipatsa mipira. Ofesi ya zamasewero ya pa boma nayo timaidziwitsa, chifukwa mnyamata akathyoka mwendo pa masewero omwe palibe akuwadziwa, mlandu wake ndi wolemera.

Chifukwa chachiwiri ndi kukayikira. Timu ikhoza kupirira kugonja, koma siipirira kuganiza kuti yaberedwa. Apa ndi pomwe ndakhala nthawi yaitali ndi buku la malamulo 17 a mpira, ndipo ndaona kuti mikangano yambiri pa mabwalo athu imachokera pa malamulo awiri okha: ofusayidi ndi kugwira mpira ndi dzanja. Ochemerera ambiri amakhulupirira kuti mpira ukangogunda mkono ndi penate basi, pomwe lamulo limayang'ana ngati wosewerayo wachita dala kapena watambasula mkono mosayenera. Enanso sadziwa kuti munthu sangakhale pa ofusayidi polandira mpira woponya ndi manja, wa kona kapena wa golokiki. Oyimbira akaimba molondola, bwalo lonse limamuukira chifukwa silikudziwa lamulo. Tidayamba kuitana makaputeni ndi atsogoleri a masapota kuti tiwerengere limodzi malamulowa m'Chichewa ligi isanayambe. Oyimbira sachokera m'mudzi wa timu iliyonse mwa awiri akusewerawo, ndipo ndalama yake ya kabaza ndi kangachepe ka sopo zimachokera m'thumba la ligi, osati kwa timu yapakhomo. Munthu yemwe wadya nsima ya timu ina masana sangaimbe wezulo momasuka madzulo.

Ndalama nazo zimafuna kuonekera. Timu iliyonse imalipira yolembetsera, yochepa kuti ngakhale timu ya m'mudzi wosauka ikwanitse, ndipo msungichuma amawerenga poyera zomwe zalowa ndi zotuluka pa msonkhano uliwonse. Kutumiza kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kwatithandiza chifukwa uthenga umatsala pa foni. Mphoto tidaigawa kuti isathere pa timu imodzi. Timu yomwe yafika pa masewero ake onse osajomba imalandira mpira, ngakhale itathera pa nambala yomaliza. Ena adaseka ganizoli, koma ine ndimaliikira kumbuyo mpaka lero. M'mudzi momwe timu yonse ili ndi mpira umodzi wosokedwasokedwa, mpira watsopano ndi chifukwa chokwanira choyendera mtunda wautali pa njinga kukasewera masewero omwe mukudziwa kuti mugonja.

Nkhani ya juju sindingaibise. Mphekesera ikangomveka kuti pagolo pakwiriridwa kanthu, timu ina imakana kulowera pa njira yomwe eni bwalo alowera, masewero amachedwa, dzuwa nkulowa. Sitikangana ndi munthu pa zomwe amakhulupirira. Tidangolemba kuti oyimbira ndi makaputeni onse awiri amayendera magolo limodzi masewero asanayambe, ndipo nthawi yoyambira ikadutsa ndi mphindi zomwe tidagwirizana, timu yochedwetsayo yataya mapointsi atatu.

Koma komwe maphunziro adandisintha kwambiri ndi kwa ana. Ambirife tidakula tikuona kochi ngati munthu wokuwa. Amathamangitsa ana kuzungulira bwalo mpaka atope, kenako amawaimika pa mzere wautali, aliyense nkumenya mpira kamodzi, nkubwerera kumbuyo kukadikira. Pomaliza ana 22 amalowa m'bwalo la akuluakulu la mamita oposa 90, ndi golo la mamita 7.32 mulifupi ndi 2.44 kupita m'mwamba, lomwe kamwana ka zaka 10 sikangafike ngakhale katadumpha bwanji. Pa masewero otero, ana awiri kapena atatu amphamvu ndi omwe amasewera. Enawo amangothamangira fumbi. Aphunzitsi athu a ukochi adatiuza kuti tisankhe mwana mmodzi ndi kuwerenga kuti wakhudza mpira kangati, ndipo aliyense yemwe amaphunzitsa ana ndikumupempha ayese zimenezi. Mukawerenga kamodzi, mudzaona nokha chifukwa chake ana ena amabwera sabata ziwiri nkusiya.

Mankhwala ake ndi osavuta ndipo safuna ndalama. Bwalo limodzi timaligawa tizigawo tinayi, magolo ake ndi timitengo kapena mabotolo odzaza mchenga, ana amasewera anayi anayi kapena asanu asanu. Aliyense amalandira mpira, amalakwitsa, amayesanso, amagoletsa. Ana osapitirira zaka 12 amayenera mpira wa saizi 4, wopepukirapo kuposa wa saizi 5 womwe umalemera magalamu 410 mpaka 450. Mipira ikachepa, chikulunga cha majumbo chimalowa m'bwalo popanda manyazi. Ana athu luso lawo lozembetsa mpira adaliphunzira pa chikulunga, opanda nsapato, pa malo ang'onoang'ono pakati pa nyumba, popanda wamkulu wowakalipira. Zomwe mabuku a ukochi akulimbikitsa masiku ano ndi zomwe ana a m'mudzi amachita okha akaweruka kusukulu. Ntchito ya kochi ndi kusaononga zimenezo, ndi kuonjezera pang'onopang'ono: kukweza mutu usanapatsire, kugwiritsa ntchito mwendo wamanzere, kupempha mpira pamalo popanda munthu. Ndipo m'malo mokuwa kuti "patsira!", ndaphunzira kuimitsa masewero ndi kufunsa, "Iwe, pamene unali ndi mpira, mnzako uja anali kuti?" Mwana akayankha yekha, mawa saiwala.

Kutentha kwa kuno si kosewera nako. Mu Okutobala ndi Novembala mchenga umawotcha mapazi, choncho ana sasewera dzuwa lili pamutu, ndipo chidebe cha madzi a pa mjigo chimafika pabwalo mipira isanafike. Mwana yemwe thupi latentha kapena akudandaula mutu timamutumiza kuchipatala akayezetse malungo, osati kumuuza kuti alimbe mtima. Yemwe wagunditsa mutu nkuzunguzika sabwereranso m'bwalo tsiku limenelo ngakhale atalira. Ena amafika osadya kanthu chichokereni m'mawa, ndipo kochi wanzeru amazindikira msanga kusiyana kwa ulesi ndi njala.

Kubera zaka ndi chilonda chachikulu. Timu ya ana osaposa zaka 14 imabwera ndi "mwana" wa ndevu zometedwa m'mawa womwewo. Chitupa cha unzika munthu amalandira akakwana zaka 16, ndipo ana ambiri m'midzi alibe chikalata chakubadwa. Timadalira kaundula wa kusukulu ndi khadi ya kusikelo, ndipo mphunzitsi wamkulu amasainira mndandanda. Sizikwanira nthawi zonse, koma njira imeneyi yabweretsa phindu lina: kuti mwana alembedwe m'timu ayenera kukhala m'kaundula wa sukulu, ndipo akayamba kujomba, aphunzitsi amatiuza. Kuno nyanja imakoka ana msanga. Mnyamata wa Sitandade 5 akagwira ganyu yokoka khoka nkulandira ndalama m'manja, kalasi imayamba kuoneka yopanda pake. Sindinena kuti mpira umathetsa umphawi. Ndaona kokha kuti mwana yemwe akufuna kuvala jezi Loweruka amaganiza kawiri asanajombe Lachitatu.

Makolo amafunsa ngati ana awo adzafike ku Bullets, ku Wanderers kapena ku MAFCO yomwe ili konkuno kwathu. Ndimawauza zoona, kuti ochepa kwambiri ndi omwe adzadye za mpira. Ana onse amakumbukira chigoli chakutali chomwe Gabadinho Mhango adagoletsa Morocco mu Januwale 2022 ku Cameroon, pomwe Flames idafika koyamba mu ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa, ndipo ndi bwino kuti azilota. Koma kochi yemwe amangoyang'ana mwana mmodzi waluso amataya ana ena onse omwe adabwera kudzasangalala. Pa masewero a ana tidakhazikitsa kuti aliyense yemwe walembedwa tsiku limenelo asewere chigawo chimodzi chathunthu. Makochi ena amadandaula kuti lamuloli limawagonjetsa. Inde, nthawi zina limatero.

Komwe tatsalira kwambiri ndi kwa atsikana. Anthu amati mtsikana wake ndi mpira wamanja, koma akatswiri a mpira wamiyendo Tabitha ndi Temwa Chawinga adachokera ku Rumphi, kumudzi ngati kwathu kuno. Mu 2023 Scorchers, timu ya amayi ya dziko lino, idatenga chikho cha maiko a kum'mwera kwa Africa cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2-1, ndipo mu 2024 Temwa adagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ndi timu ya Kansas City Current nkusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Atsikana athu amawadziwa maina amenewa. Chowalepheretsa ndi nthawi: anyamata akamathamangira ku bwalo, iwo ali ku mjigo, ku nkhuni kapena akulera mwana. Makolo nawo ali ndi nkhawa yomveka yosiya mwana wamkazi m'manja mwa kochi wamwamuna mpaka madzulo. Tagwirizana kuti pa zokonzekera zilizonse za atsikana pazikhala mayi wamkulu wosankhidwa ndi makolo, kuti kochi asakhale yekha ndi mwana, ndipo zonse zizitha dzuwa likadalipo. Bwalo nalo anyamata azilisiya masiku awiri pa sabata, chifukwa kuwauza atsikana kuti azisewera anyamata akamaliza ndi kuwauza kuti azisewera mu mdima.

Chomwe tikusakasaka tsopano ndi amayi kapena atsikana achikulire oti akachite maphunziro a ukochi ndi oyimbira. Aphunzitsi aakazi awiri a pa sukulu ina ya pulayimale aonetsa chidwi, ndipo komiti yavomereza kuti ndalama yawo yoyendera ichoke pa gawo la mphoto ya chaka chino. Makaputeni a matimu a anyamata tikawauza pa msonkhano wotsatira, kalendala ya chaka chamawa isanalembedwe.