Zikomo nonse amene munatigwira mkono mwana wathu atameza mankhwala

Mwana wathu watuluka m'chipatala, akudya, ndipo wayambanso kusewera ndi anzake. Ine ndi bambo ake tikuthokoza Mulungu, tikuthokozanso inu nonse.

Ambiri mwakhala mukufunsa kuti chinachitika n'chiyani. Anameza mapiritsi a amitriptyline amene agogo ake amamwa usiku chifukwa cha kutentha kwa mapazi kobwera ndi matenda a shuga. Mankhwalawa ali m'gulu la tricyclic, lomwe linayamba ngati mankhwala a matenda ovutika maganizo, ndipo kwa mwana mapiritsi ochepa chabe akhoza kupha. Ife sitinadziwe kuti wameza kanthu. Tinangoona akuwodzera, thupi latentha, akupuma mwabefu, ndipo aliyense pakhomo anati ndi chibayo.

Zikomo kwambiri anamwino amene munatilandira. Munaona kuti mkamwa mwauma gwaa, kadontho kakuda ka m'maso kakula, mtima ukuthamanga, n'kufunsa ngati kunyumba kuli wina amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Funso limenelo ndi limene linapulumutsa mwana wathu, palibenso china.

Adokotala, zikomo pokhala nafe pansi n'kutifotokozera m'Chichewa. Munati mankhwalawa akachuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima, magazi amachuluka asidi, ndiye thupi limapuma mofulumira pofuna kutulutsa mpweya woipa kuti asidiyo achepe. Mwa ena kubanikako kumabwera chifukwa masanzi alowa m'mapapo, n'chifukwa chake munatichenjeza kuti wotere asamasanzitsidwe. Munatiwonetsanso pepala la ECG, lowonetsa kagundidwe ka mtima. Kafukufuku wa ku America wa mu 1985, wa Boehnert ndi Lovejoy, anapeza kuti kachigawo ka papepala lotere kotchedwa QRS kakapitirira mamilisekondi 100, wodwala akhoza kuyamba kukomoka ndi kuphupha. Ka mwana wathu kanali katapitirira, ndiye munamuika mankhwala ochepetsa asidi m'magazi otchedwa sodium bicarbonate kudzera mu diripi. Pofika m'mawa anali akupuma bwino.

Achimwene oyandikana nafe, munadzuka pakati pa usiku n'kukana ngakhale ya mafuta. Amayi a kumpingo, phala lanu silinasowe kuwodi.

Amayi anga, musadziimbenso mlandu, ndipo musasiye kumwa mankhwala anu, adokotala atero. Bambo a mwana akhoma kabokosi ka loko pamwamba pa kabati, kiyi musunga ndinu. Amene munatibwereka ndalama, tifika kwanu mwezi ukatha.