Mzere wofiira wadutsa pamanda

Sabata ino yandifoola abale. Lolemba ndi Lachiwiri zachizolowezi, malipoti a nazale, machubu amene tinalonjeza makomiti a m'midzi mpaka pano sanafike, mafuta a njinga yamoto ndagula ndi ndalama yanga kachitatu tsopano, za kubweza akungoti zikuyendetsedwa. Zimenezo tinazolowera.

Chandipweteka ndi cha Lachitatu. Mabwana anandipatsa mapu ojambula pa kompyuta mtauni muno, osonyeza malo oti atetezedwe kumalire a nkhalango ya Dzalanyama, akuti ukangowawerengera a mfumu a mudzi wa kumeneko asayine basi ubwereko. Amene anajambula sanapondeko mudziwo, ine naye ndinapusa osawaona bwinobwino ndisananyamuke.

Kufika a mfumu anandilandira bwino, mpando, mbatata yootcha. Nditayala pepala pansi pa mango, mayi wina wachikulire analoza ndi chala nati "Alangizi, mzere wofiira uwu ndi pati?" Kufotokoza kuti ukuchokera pamtsinje kukhota pa chulu chachikulu chija, onse zii. Ndinazindikira mochedwa kuti wadutsa pakati pa manda, dambwe lonse lagwera mbali yomwe talemba kuti munthu asalowe popanda chilolezo.

A mfumu sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anangoti "tayang'anani uko mwana wanga, mitondo ndi misuku yatsala kuno ili pati?" Ndinati kumanda agogo. "Anailondera ndani? Ndiye gule akafuna kutuluka azikayamba wapempha kalata kwa inu?" Anthu anaseka, ine thukuta kamukamu, fomu yosayinira ili m'manja.

Ndipo amanena zoona. Mbali zina za nkhalango ya boma, yomwe inakhazikitsidwa mu 1922, kwatsala zitsa ndi mauvuni a makala, koma kumanda palibe angayerekeze kulowa ndi nkhwangwa, popanda mlonda wolipidwa ngakhale mmodzi. Anthuwa Dzalanyama sakuiona ngati mitengo chabe, Kaphirintiwa ali mmapiri momwemo, kumene makolo achichewa amati anthu oyamba anatsikira nkusiya mapazi pamwala. Lamulo la nkhalango la 1997 lomwe timalitchula pamsonkhano uliwonse limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawo komanso kugwirizana ndi boma pa kasamalidwe, nanga kugwirizana kwake nkumeneku kobwera ndi mzere wojambulajambula kale? Sanasayine, ndipo sindinawakakamize.

Lachinayi ndinakanena ku ofesi. Yankho lake akuti opereka thandizo akufuna lipoti kumapeto kwa mwezi, asayine kaye mzerewo tidzakonza pambuyo. Pambuyo pake pati, zaka zonsezi ndagwira ntchitoyi sindinaonepo mzere wosayinidwa ukusunthidwa. Ndinayankha mokweza mawu pang'ono, mwina ndilandira kalata, kaya.

Lachisanu mmawa ndikudutsa msewu wa Likuni ndinakumana ndi njinga za makala zili ndondondo kulowa mtauni, matumba atatu atatu. Ogula ndi ife tomwe, amene timamwanso madzi a mtsinje wa Lilongwe ochokera ku Dzalanyama komweko kudzera ku Kamuzu Dam, inenso mbaula ili pakhonde magetsi akathima sindinama. Koma chilolezo tikukafunsa anthu a kumanda.

Fomu ija ikadali mchikwama. Lolemba ndibwererako ndi GPS, kachipangizo koyezera malo kaja, a mfumu alonjeza kundipatsa akuluakulu awiri oti tiyende nawo malire ndi miyendo, kudambwe ndikaima patali poti sindinamete. Mafuta ndigulanso ndekha.