Tsiku la Msika Kuseri kwa Mashopu a ku Lizulu

Lero linali tsiku la msika kuno ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, ndipo monga mwa masiku onse otere, palibe amene anadikira tambala kuti amudzutse. Kusanache, malole ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe anali atandanda kale m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo ngolo za ng'ombe zinayamba kudutsa kuseri kwa mpanda wathu zitasenza matumba a mbatata ya kachewere ndi madengu a tomato. Mwezi uno wa Julayi kumazizira kwambiri m'mapiri muno, moti nkhungu inali itaphimba madenga onse, koma mawu a anyamata onyamula katundu ankamveka bwinobwino akuitanizana mumdima. Aliyense wokhala kuseri kwa mashopu amadziwa kuti pa tsiku lotere nthawi yodzuka, yotunga madzi, yophika ngakhalenso yogona imalamulidwa ndi msika, kaya iye mwini amagulitsa kumeneko kaya sagulitsa.

Ndinalawirira kumjigo ndi zigubu ziwiri poganiza kuti ndikapeza anthu ochepa, koma mzere unali utafika kale pamtengo wa bulugamu. Mjigo umenewu unakumbidwira mabanja a m'dera lathu, komabe pa tsiku la msika umamwetsanso amayi ophika nsima ndi tiyi m'zisakasa, anyamata okazinga tchipisi pachiwaya, ndi ogulitsa masamba amene amawaza madzi pakabichi ndi pakaroti kuti zisafote. Mayi wina wa nyumba yoyandikana ndi yathu anandiuza kuti, "Achemwali, ikani zigubu zanu pambuyo pa ndowa yangayi, mupite mukasonkhe moto, ndikakuitanani nthawi yanu ikafika." Ndinawathokoza n'kubwerera. Kukoma mtima kotereku n'kofala kuno, ndipo ndikukhulupirira kuti kumabwera chifukwa choti pafupifupi tonsefe ndife obwera, tilibe amalume kapena azakhali pafupi, choncho mnansi ndiye amasanduka m'bale.

Nyumba imene timachita lendi ili mumdadada wa zipinda zoyang'ana mbali imodzi, ndipo mabanja onse timagwiritsa ntchito bafa limodzi ndi chimbudzi chimodzi. M'mawa uno eni nyumba anabwera ndi kalipentala kudzaika loko wamkulu pachitseko cha chipinda chakumapeto, chimene mpaka mwezi watha munkakhala banja lina la ana aang'ono. Chipindacho tsopano chasanduka mosungira matumba a anyezi a wamalonda wina wa ku Limbe. Nditawafunsa mwaulemu ngati banja lina lidzalowemonso, anandiyankha mosabisa kuti, "Mayi, matumba salira madzi, sadwala, ndipo amalipira kuposa munthu." Sindinawaone ngati munthu wouma mtima, pakuti nawonso ali ndi ana a sukulu ndipo nyumbayi ndiye penshoni yawo. Koma zinandipweteka, chifukwa umu ndi mmene msika ukudyera malo okhala anthu pang'onopang'ono: chipinda chimodzi chimasanduka nkhokwe, khonde lina limasanduka golosale, bwalo limene ana ankasewerapo limasanduka poimika njinga zamoto za kabaza, ndipo lendi ya zipinda zotsalazo imakwera chifukwa zachepa.

Dzuwa litatentha pang'ono ndinatulutsa makina anga osokera n'kuwaika pakhonde. Sindinganene zoipa zokhazokha za msika pamene ndi womwewo umene umandidyetsa. Mlimi akagulitsa mbatata yake amakumbukira yunifolomu ya mwana imene inang'ambika, zipi ya jekete, ndi nsalu ya mayi wa kunyumba imene yakhala ikudikira kupindidwa. Lero ambiri mwa amene anakhala pabenchi langa anali ochokera tsidya lina la msewu, kutanthauza ku Mozambique, pakuti kuno M1 amayenda m'malire enieni a mayiko awiriwa, ndipo munthu akawoloka phula amakhala walowa m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete. Angerezi ndi Apwitikizi ndiwo anagwirizana za malirewa m'pangano lawo la 1891, ndipo anawadutsitsa pamsana pa mapiri, pamene madzi a mvula amagawikana, ena kulowera kumtsinje wa Zambezi, ena kunyanja yathu ndi ku Shire. Anthu amene anawagawawo ndi amodzi: amalankhula Chichewa chimodzi, ali ndi ziwongo zofanana za Chingoni, amakwatirana ndiponso amalirana maliro. Bambo wina anandilipira ndi makwacha koma m'thumba lomwelo munali ma metical, ndipo palibe mwa ife amene anaona chachilendo.

Pakati pa makasitomala anga panali agogo ena amene amakonda kukhala nthawi yaitali akudikira kuti ndimalize. Iwo anawoloka msewu womwewu m'zaka za m'ma 1980 pothawa nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, nthawi imene dziko la Malawi linasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ambiri mwa iwo m'maboma a m'malire monga Ntcheu, Dedza ndi Nsanje. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, anzawo ambiri anabwerera, koma iwo anatsala chifukwa ana awo anali atakwatiwa kuno. Amakonda kundikumbutsa kuti Lizulu sanatchuke ndi kabichi poyamba, koma ndi ufumu, chifukwa kuno ndiye kulikulu la Inkosi ya Makosi Gomani, mfumu yaikulu ya Angoni a kwa Maseko, ndipo amatchula mwaulemu dzina la Gomani wachiwiri, Philip, amene anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 mpaka boma la atsamunda linamuchotsa pampando. Apaulendo amene amagula tomato pazenera la basi sadziwa zimenezi. Kwa iwo Lizulu ndi poima mphindi zochepa, pamene kwa ife ndi malo amene ana athu akukulirapo.

Masana ndinapita kukagula ndiwo, ndipo ndinadutsa kumene mavenda amapikulira katundu. Chimene chimandiwawa nthawi zonse n'chakuti mlimi amene wayenda usiku ndi ngolo ndiye amakhala wopanda mawu pamtengo. Tomato sangabwerere naye kumudzi chifukwa awola, ndipo ogula amadziwa zimenezi, choncho amangoima chapatali kudikira kuti dzuwa lipendeke. Mnyamata wina amene amalima dimba kumtunda anandidandaulira kuti chichokere pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza ndi mankhwala opopera zinakwera mtengo kwambiri, koma dengu la tomato silinakwere mofanana. Ife okhala pafupi timapindula ndi kutsika mtengoko, pakuti madzulo mulu umakhala waukulu ndipo ogulitsa amaikirapo pulayizi mosanyinyirika, koma sindingathe kukondwera mokwanira ndi tomato amene ndikudziwa kuti mwini wake wapita kwawo ndi chisoni.

Pobwerera ndinaona chinthu chimene chinandiumitsa thupi. Kamtsikana ka m'mdadada mwathu, kamene amayi ake anakatuma kukagula mchere, kanatulukira kutsogolo kwa basi yoima pamene lole inali kubwera kumbuyo kwake, ndipo chikanapanda kuti bambo wina wogulitsa nsawawa akagwire mkono, lero tikanagona m'siwa. M1 ndi msewu waukulu wolumikiza Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo pa tsiku la msika umakhalanso bwalo logulitsirapo, siteji ya minibasi, ndi njira ya ana athu. Basi ikangoima, ogulitsa amathamangira kumazenera atanyamula mabeseni pamwamba, njinga zamoto zimapita uku ndi uku, ndipo mwana wamfupi saoneka m'chipwirikiti chimenecho. Ndinakaperekeza mpaka pakhomo, ndipo amayi ake atamva anangokhala pansi n'kugwira kumutu, akunena kuti, "Mwanangu, usadzawolokenso wekha, wamva?"

Chakumadzulo malole anayamba kunyamuka, ndipo zimene msika umatisiyira zinaonekera. Masamba a kabichi osendedwa, tomato wophwanyika, majumbo ndi makoko a nzimbe zinali mbwee m'ngalande imene imatsetserekera kunyumba zathu. M'chilimwe muno zimangobweretsa ntchentche ndi fungo, koma dzinja likafika madzi amazikokolola n'kuzisiya pakhomo pathu. Choopsa kwambiri n'chakuti khamu lonse limene limasonkhana pano silipeza zimbudzi zokwanira, ndipo ena amalowa m'mipanda mwathu kudzapempha, pamene ena sapempha n'komwe. Aliyense wa ife akukumbukira mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo palibe kholo limene limaona ngalande imeneyi osaganiza za matendawo. Ogulitsa amadula chiphaso cha msika pa tsiku lililonse limene ayala malonda, ndipo maganizo anga ndi akuti gawo looneka la ndalama imeneyo liyenera kubwerera kudzamanga zimbudzi, kukumba maenje a zinyalala ndi kukonza ngalande, pakuti msika umene umadyetsa mizinda ikuluikulu suyenera kudwalitsa anthu amene aupatsa malo.

Dzuwa litalowa tinasonkhana kwa anyakwawa, amuna ndi akazi a m'midadada yoyandikana, ena atafunda mabulangete, pamene nyimbo za m'malo omwera mowa zinali zitayamba kale kugunda kumsewu. Tinakambirana kwa nthawi ndithu, ndipo sitinagwirizane pa zonse. Ena ankafuna kuti ophika kumsika aletsedwe kutunga pamjigo wathu, koma amayi angapo anakana mwamphamvu, ponena kuti ophikawo ndi anzathu omwe timasonkha nawo kubanki m'khonde, ndipo kuwaletsa madzi ndiko kuitana matenda amene tikuwaopawo. Pomaliza tinamvana kuti ophikawo azisonkhako kandalama kokonzera mjigo ukawonongeka, kuti mdadada uliwonse ukumbe dzala lake sabata ino isanathe, ndiponso kuti akuluakulu awiri azisinthana kuwolotsa ana pamsewu masiku a msika. Anyakwawa anandipempha kuti ndilembe kalata yopita kukomiti ya msika yofotokoza za zimbudzi ndi ngalande, chifukwa akuti ndimalemba zooneka bwino, ndipo ndavomera. Ndiilemba mawa m'mawa ndisanatulutse makina, kenako ndiyenda nayo khomo ndi khomo kuti aliyense asaine kapena adinde chala.