Opaleshoni ya diso lothawira pambali: musagule magalasi mwana asanathiridwe mankhwala m'maso

Opaleshoni yeniyeniyo ndi yaifupi. Mwana wanga wa zaka 5, amene diso lake lamanzere linkalowa cha kumphuno, anakhala m'fiyeta ola limodzi ndi kanthawi basi. Chodya nthawi ndi ndalama ndi kuyeza kumene kumatsogola, ndipo apo ndi pamene mtima wanga ukuwawabe.

Za kalata yochokera ku chipatala chaching'ono ndi mzere wa m'mawa mukuzidziwa kale. Mukafika kwa a maso, choyamba ayang'ane mkati mwa diso mpaka kuseri. Diso limatha kukhota chifukwa silikuona, ndipo kwa mwana chimene chaliletsa kuona chikhoza kukhala ng'ala kapena khansa yotchedwa retinoblastoma. Ngati mwanadiso akuoneka woyera, makamaka pa chithunzi cha foni chojambula ndi kuwala, musadikire, pitani sabata yomweyo.

Tsopano za magalasi. Shopu ina yogulitsa magalasi m'tauni muno inamukhazika mwanayo pa makina, mphindi zisanu sizinakwane, papepala panalembedwa mphamvu ya magalasi +1.50. Tinalipira ndalama yoti ikanatha lendi ya mwezi. Atamuyeza ku chipatala atamuthira mankhwala, nambala inatuluka +4.00. Chifukwa chake n'chakuti mkati mwa diso muli kamnofu kamene kamadzikoka kuti munthu aone chapafupi, ndipo kwa mwana n'kamphamvu kwambiri. Akayang'ana m'makina kamnofuko kamabisa mbali yaikulu ya vuto, makina n'kunena kuti vutolo n'laling'ono. Kudzikoka komweko n'kumene kumakokeranso diso kumphuno. Choncho kuyeza mwana wa diso lokhota (squint) osayamba wakagoneka kamnofuko ndi mankhwala n'kungotaya ndalama. Woyeza aliyense wophunzira amadziwa zimenezi, ngakhale ophunzira za maso pa Mzuni pompa amaphunzitsidwa. Nditabwerera ndi pepala la ku chipatala, yankho linali lakuti, "Mayi, magalasi akadulidwa sabwezedwa." Osati ngakhale pepani. Miyezi imene mwana anavala magalasi olakwikawo adokotala sanaiwerengere, tinayambiranso.

Mankhwala ake ndi cyclopentolate, amathira kenako mumadikira mphindi 30 mpaka 45. Maso athu akudawa nthawi zina samva msanga, ndiye amakupatsani atropine woti muzikathira kunyumba masiku atatu musanabwere kudzayezedwa. Mukathira, dinikizani pakona ya diso cha kumphuno kwa mphindi imodzi kuti asatsikire kukhosi. Thupi likatentha, nkhope n'kufiira, pakamwa n'kuuma, siyani ndipo mukawauze. Akathiridwa atropine mwana saona bwino zapafupi kwa sabata kapena kupitirira, dzuwa limamuthobwa, choncho chipewa chikhale pafupi ndipo auzeni aphunzitsi. Kabotoloko kabiseni kutali, atropine akamwedwa ndi poizoni.

Magalasi oyenera avalidwe tsiku lonse kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenako ayezenso. Ana ena diso limawongoka ndi magalasi okha ndipo safunika mpeni. Wanga linawongoka pang'ono, chotsalacho n'chimene anachita opaleshoni. Mukuona kuopsa kwake: akadula potengera magalasi ofooka, amadula mopitirira, ndipo mwana akadzavala oyenera diso limathawira kunja.

Ndikanaiwala za kuphimba. Diso lokhota nthawi zambiri limakhala laulesi, ubongo unasiya kuligwiritsa ntchito. Opaleshoni siliphunzitsa kuona, imangoliwongola. Cholipatsa mphamvu n'kuphimba diso labwinolo maola 2 mpaka 6 patsiku monga anenera adokotala, ndipo zimathandiza kwambiri mwana asanakwane zaka 7 kapena 8. Chigambacho matani pakhungu, osati pagalasi, chifukwa amasuzumira pamwamba. Zigamba zogula zikasowa, kagozi ndi pulasitala wa pepala zimagwira. Nthawi imeneyo mupatseni chochita chofuna maso, kusankha mpunga kapena kujambula, apo ayi amangolira mpaka maola atha.

Kukula kwa kukhotako amayeza ndi timagalasi ta prism, mwana akuyang'ana kutali mamita 6 kenako pafupi masentimita 33, atavala magalasi ake. Manambala amenewo ndi amene amauza dokotala mamilimita oti asunthe mnofu. Amafuna agwirizane pa maulendo awiri osiyana. Onetsetsani kuti alembedwa m'buku la kuchipatala la mwanayo ndipo mujambule tsambalo pa foni. Dokotala wodula maso a ana sapezeka paliponse, mukhoza kutumizidwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo kukafika kumeneko opanda manambala ndiye kuyambiranso mzere.

Musanakwere basi imbani kaye, mufunse ngati tsiku la opaleshonilo lilipobe. Ndipo yang'anani chifuwa. Mwana wachimfine, wotsokomola kapena wotentha thupi samugoneka, chifukwa njira ya mpweya imatha kutsekeka ali mtulo, ndipo amakubwezani masabata angapo. Kuno June ndi July ana onse amakhala mamina okhaokha, ndiye ngati akupatsani mwayi wosankha tsiku, pewani miyezi imeneyo. Basi ya usiku pa Chikangawa imazizira koopsa, bulangete likhale m'manja osati m'buti. Amayezanso kuchuluka kwa magazi ndi malungo. Nenani za mphumu, khunyu, vuto la mtima, ndiponso ngati wina m'banja anavutikapo ndi mankhwala ogonetsa.

Kusala: chakudya asiye maola 6 opaleshoni isanachitike, bere maola 4, madzi oyera maola 2, pokhapokha ogonetsa atanena china. Phala, thobwa ndi tiyi wamkaka ndi chakudya, si madzi. M'wodi mum'londere mwana, chifukwa akayamba kulira njala mayi wapabedi loyandikana amatulutsa mandasi mwachifundo, ndipo kachidutswa kamodzi kamathetsa tsiku lonse.

Pa fomu yosainira werengani kuti alemba diso liti. Musadabwe akati maso onse awiri kapena diso limene inu mumaliona labwino, maso amayenda limodzi ndipo kugawa ntchitoyo pawiri nthawi zambiri kumawongola bwino. Agogo akuchimuna anafunsa katatu ngati alitulutsa diso n'kuliika patebulo. Ayi, silichoka. Diso lililonse lili ndi minofu 6 yoliyendetsa. Dokotala amatsegula kakhungu koonekera kokuta choyera cha diso, mnofu wokoka kwambiri amaumasula n'kuusokera cham'mbuyo mamilimita ochepa, mwina 4 kapena 5, kuti ufooke. Wofooka amaufupikitsa kuti ulimbe. Khungu la nkhope salidula, ndipo ulusi umasungunuka wokha pakatha masabata pafupifupi 6.

Akadzuka amalira, safuna kutsegula maso, ndipo kusanza n'kofala kwambiri pa opaleshoni imeneyi. Yambani ndi madzi pang'onopang'ono, nsima idikire. Misozi yosakanikirana ndi magazi pa pilo ikuopsani koma ndi mmene zimakhalira. Choyera cha diso chimafiira ngati nyama yaiwisi pambali pamene anasoka, ndipo kufiirako kumatenga masabata kuti kuthe. Panado amakwanira. Mankhwala a m'maso, ophera tizilombo ndi ochepetsa kutupa, kawirikawiri ndi kanayi patsiku kwa masabata awiri kapena anayi. Mwana akamakana, m'gonekeni chagada atatsinzina, donthezani pakona ya kumphuno, akaphethira amalowa okha. Manthongo a m'mawa pukutani ndi thonje ndi madzi owiritsa ozizira, thonje lina diso lina. Mkaka wa m'mawere kapena mankhwala achikuda asayandikire. Utsi wa mbaula, fumbi la pakabaza ndi kusambira ku Nkhata Bay ziyambe zaima kwa mwezi. Kusukulu amatha kubwerera pakatha sabata. Magalasi avale kuyambira tsiku lotsatira, ndipo akadzafunika ena, kachiwirinso, asayezedwe popanda mankhwala.

Kuona zinthu ziwiriziwiri masiku oyamba kumachitika ndipo kwa ana kumatha kokha. Zothamangira nazo ku chipatala tsiku lomwelo ndi chikope chotupa mowonjezeka, mafinya, kutentha thupi, ululu wokulirakulira, kuona kukachepa, kapena diso likalephera kuyang'ana mbali imodzi, chifukwa mwina mnofu wapulumuka pa ulusi ndipo umafunika kusokanso msanga. Musaweruze ntchito ya dokotala sabata yoyamba, diso limakhazikika pakatha masabata 6 mpaka 8. Likatsala pang'ono kapena likapitirira, opaleshoni yachiwiri si yachilendo, ndipo kuphimba kumapitirira mpaka a maso atanena kuti kwakwana.