Chikwama cha saddle hunting musamangogula

Anzanga amene mukufuna kuyamba saddle hunting kuno ku America, chonde musathamangire chikwama chifukwa choti chikuoneka bwino mu shopu. Usaki umenewu umakwera mumtengo n'kumalendewera pa saddle, lamba wokhalira womangirira ku thunthu, kudikirira agwape, ndiye katundu yense umachita kubereka wekha, masitiki okwerera, kapulatifomu koponda, zingwe, jekete ya mphepo, zonsezo pamsana mumdima.

Ine chimene ndimayang'ana choyamba ndi malamba akunja omangira masitiki kuti asamagundane, chifukwa chitsulo chikangolira kamodzi basi gwape wapita. Nsalu ikhale yofewa yosachita phokoso ikakhudza nthambi, ndipo za velcro, zomata zija zimalira pomatula, ayi ndithu, m'mawa kuthengo kumakhala zii, ukangomatula zimamveka kutali. Chisakulenso kwambiri, kwa ine malita 20 mpaka 30 akwana, poti ukafika m'mwamba umachikoleka pamtengo ndipo uzitha kutsegula ndi dzanja limodzi.

Lamba wa m'chiuno muyese mutavala saddle yanu, ena amapanikizana moti kuyenda kumapweteka. Ku Michigan sizoni yosaka agwape ndi uta imatsegulidwa pa 1 October, yeserani kukwera nacho nthawi ikadalipo.