Zikomo kwa onse amene munandigwira dzanja, makamaka anzanga a nyimbo za WITCH

Abale ndi alongo, anzanga a kuno kumudzi ndi a ku Zambia, kwa nthawi yaitali mwakhala mukumva za ine kudzera mwa mayi a kunyumba ndi ana. Lero ndikulemba ndekha. Dzanja lamanja likadali lolemera, ndiye ndikulemba ndi lamanzere, pang'onopang'ono. Sitiroko imene inandigwetsa chaka chatha inanditengera mwendo, dzanja ndi pakamwa, koma tsopano ndikuyenda ndi ndodo, ndikudya ndekha, ndipo ndikuyankhula moti munthu n'kumva. Ndabwera kudzathokoza.

Woyamba ndi Mulungu, amene anaona kuti nthawi yanga inali isanakwane. Kenako inu mayi a kunyumba. Munagona pa simenti m'mphepete mwa bedi langa, munapirira utsi wa kukhitchini ya magadiyani, munandisambitsa ndi kunditembenuza usiku pamene thupi langa linali mtolo. Sindinakumveni mukudandaula. Ana anga, apongozi ndi adzukulu, munasiya ntchito zanu ndipo munagawana mtengo wa mankhwala popanda kukangana. Amayi a Mvano a mpingo wathu kuno ku Lilongwe, phala lanu ndi nyimbo zanu zinafika pa nthawi yake. Anamwino, madokotala ndi a mafizo, odwala ndi ambiri ndipo inu ndinu ochepa, komabe munapeza mpata wondilimbitsa mtima. Mulungu akudalitseni nonse.

Pali gulu lina limene ana anga anadabwa nalo, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Ndi madoda ndi amayi a imvi, ena a ku Kitwe, ena a ku Ndola, Lusaka, Chipata, Blantyre, wina ali ku Johannesburg, wina ku Leeds. Si achibale, si a mpingo umodzi, ena mwa iwo sitinaonane maso ndi maso chichokere unyamata. Chimene chimatimanga ndi bandi imodzi ya rock ya ku Zambia, WITCH, imene tinayamba kuikonda tisanamere ndevu.

Achinyamata sadziwa kuti Amalawi ambiri a msinkhu wanga tinakulira ku migodi. Bambo anga anachoka ku Mchinji kukagwira ntchito ku mgodi wa Nkana, ndipo ine ndinabadwira ku Kitwe. Zambia italandira ufulu mu 1964, mkuwa unali pa mtengo wabwino, ndipo m'makomboni a migodi monga Wusakile, Chamboli ndi Mindolo munali mawailesi, magalamafoni ndi maholo osangalaliramo. Tinkamva Jimi Hendrix, Rolling Stones, Deep Purple, James Brown. Tinkaganiza kuti nyimbo zotere zimaphikidwa kutsidya kwa nyanja kokha. Ndiye kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kunatulukira anyamata a m'tauni mwathu momwe, oyenda m'misewu yomwe tinkayendamo ife, akuliza magitala omwewo mwa njira yawoyawo. Emmanuel Chanda, amene tonse timamudziwa kuti Jagari, ndiye anali patsogolo. Chris Mbewe ndi John Muma anali pa magitala, Gedeon Mulenga pa besi, Boidi Sinkala pa ng'oma, Paul Mumba pa ogani.

Amene simunamuone Jagari ali mnyamata, mafilimu a masiku ano sangakuuzeni zonse. Munthu uja sankaima malo amodzi. Ankalumpha, kugwa, kudzuka, kulowa pakati pa anthu, thukuta lili kamukamu, mawu osatha mphamvu kuyambira madzulo mpaka usiku wakuya. Gitala ya Chris Mbewe inkalira ngati mavu atasokonezedwa pachisa, ndipo kumbuyo kwake ng'oma zinali zakwathu, zoti mwana wa mu Africa sangakhale pansi. Ife tinkasunga ndalama ya mkate kuti tipeze yolowera. Tikalephera tinkaima panja pa holo, makutu ali pa zenera, ndipo zinkatikwanira.

Chimbale cha Lazy Bones!! chinatuluka mu 1975, Lukombo Vibes mu 1976. Inali nthawi imene boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo, ndipo mabandi anaphuka ponseponse. Kunali Amanaz ndi chimbale chawo cha Africa, kunali Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, kunali Ngozi Family ya Paul Ngozi amene ankaimba zambiri m'Chinyanja, moti ife ana a Amalawi tinkamva ngati akuimbira ife. Ku Ndola kunali Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo ndi kampani ya Teal imene inkadinda zimbale. Lero nyimbo zonsezi anthu akuzitcha Zamrock ndipo akuzilemba m'mabuku. Kwa ife zinali nyimbo za Loweruka.

Zinthu sizinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka zomwezo, ndalama inasowa m'matumba, ndipo nkhondo ya ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero) itayamba kulowerera mu Zambia kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa magetsi. Bandi yodalira madansi a usiku ingadye chiyani? Jagari anachoka kukaphunzira uphunzitsi. Otsalawo, pamodzi ndi Patrick Mwondela pa kiyibodi, anatembenukira ku disco ndipo anatulutsa Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984. Mpaka lero anzanga ena amati imeneyo sinalinso WITCH. Ine ndimakana. Anali anthu ofuna kupitiriza kuimba m'nyengo yowawa, ndipo zimbale ziwirizo zili ndi kukoma kwake.

Banja lathu linabwerera ku Malawi kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Kuno malamulo a nthawi imeneyo sankalola mwamuna kusunga tsitsi lalitali kapena kuvala mathalauza otambalala kumiyendo, choncho zonsezo zinatsala kutsidya kwa malire. Zimbale zokha ndi zimene zinawoloka, zitakulungidwa m'chitenje cha mayi anga. Ndinakwatira nazo, ndinalera nazo ana, ndinasamuka nazo nyumba ndi nyumba. Kenako kunayamba kubwera mauthenga a maliro. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Edzi inadutsa pakati pa oimba a m'badwo umenewo mopanda chisoni, monga inadutsira m'mabanja athu tonse. Mwa anyamata oyambirira a WITCH, Jagari yekha ndi amene watsala. Kwa zaka zambiri ndinkaliza zimbale zija ndekha, ndili ndi maganizo oti dziko lonse laiwala.

Mafoni ndi amene anatipezanitsa. Mnzanga wa kusukulu anandipeza pa Facebook, iye anali ndi nambala ya wina, winayo ya winanso, mpaka tinakhala kagulu kotumizirana nyimbo, zithunzi zakale ndi mikangano ya chimbale chiti chinaposa chinzake. Ndi anthu amenewa amene mwana wanga wamkazi anawauza za matenda anga, poganiza kuti angopereka pepani.

Mverani zimene anachita. Anasonkherana ndalama, anthu oti ambiri akudalira penshoni, ndipo ndalamayo ndi imene inalipira galimoto yondipititsa ku mafizo miyezi yoyambirira. Achemwali a ku Ndola, inu munkaimbira foni mayi a kunyumba Lamlungu lililonse, osati kufunsa za ine ndekha, komanso kufunsa ngati iwo adya. Zimenezo sindidzaiwala, chifukwa wodwazika ndi amene anthu amamuiwala. Achimwene a ku Chipata, munawoloka pa Mwami ndi thumba la mtedza ndi mpunga, munakhala pambali panga tsiku lonse ngakhale sindinkatha kukuyankhani.

Chachikulu ndi ichi. Sitiroko inanditseka pakamwa. Mawu ndinali nawo m'mutu, koma pofika pa lilime ankasochera. Ndinkafuna madzi, n'kutuluka mawu ena. Dzina la mkazi wanga, amene ndakhala naye moyo wonse, linkakana kutuluka. Amene simunadutsemo, musafune kudziwa mantha ake. Ndiye m'modzi mwa anzangawa anauza mwana wanga kuti azindiikira nyimbo za WITCH pafoni, pafupi ndi khutu. Tsiku lina, nyimbo ya m'chimbale cha 1975 chija ikulira, pakamwa panga panatseguka ndipo ndinaimba nawo mzere wonse, mawu ake omveka bwino, ine amene sindinkatha kunena "zikomo". Mayi a kunyumba anathamanga kukaitana anamwino.

A mafizo anatifotokozera kuti si zachilendo. Kwa anthu ambiri, kuyankhula kumatsamira mbali ya kumanzere ya ubongo, yomwenso imayendetsa dzanja ndi mwendo wa kumanja, ndipo ndi mbali imene inavulala mwa ine. Kuimba kumagwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri, ndiye nyimbo imene munthu anaisunga kalekale imatha kupeza njira ina yotulukira. Kuchokera pamenepo anayamba kundiphunzitsa mawu a tsiku ndi tsiku powaika m'kayimbidwe, ndikugogoda pa tebulo ndi dzanja lamanzere. Moni ndinkachita kuimba. Kupempha madzi ndinkachita kuimba. Pang'ono ndi pang'ono kuimbako kunachepa, kuyankhula kunatsala.

Anzangawa atamva, anagawana masiku. Madzulo aliwonse foni inkalira, wina n'kuyamba nyimbo, n'kusiyira pakati kuti ine ndimalize. Madoda a zaka zoposa 65, ena mawu atasasa, ena ali pa mankhwala awoawo a shuga ndi BP, akuimbira mnzawo pafoni ngati ana a sukulu. Nthawi zina ndinkalira, iwo n'kudikira, n'kuyambiranso. Achimwene a ku Kitwe, inu munapitirira apo. Munakwera basi kudzera ku Lusaka ndi Chipata, msana wanu uli wovuta kale, kudzandipatsa chimbale chanu cha Lukombo Vibes, chifukwa munakumbukira kuti changa chinasweka pa msamuko. Ndikudziwa mtengo umene anthu akunja akugulira zimbale zoyambirirazi masiku ano. Inu munachiika pa miyendo panga n'kunena kuti ndichisunge.

Ndithokozenso eni nyimbo. A Jagari, mwina mawu awa sadzakufikani, koma ndiwanenabe. Munakhala zaka zambiri kutali ndi siteji, mukuphunzitsa ana, kenako mukukumba miyala ya mtengo wapatali kutchire, pamene nyimbo zanu zinali kugwira ntchito m'nyumba za anthu amene simukuwadziwa. Kampani ya Now-Again ya ku America itasonkhanitsa zimbale zanu n'kuzitulutsanso mu 2012, ndi pamene filimu ya Gio Arlotta yonena za inu inatuluka mu 2019, ife tinasangalala ngati ndi m'bale wathu wapezeka. Kukuonani inu ndi a Mwondela mukuimbanso ku Ulaya ndi ku America pamodzi ndi achinyamata ngati Jacco Gardner wa ku Netherlands, ndi kumva chimbale chatsopano cha Zango mu 2023 chokhala ndi mawu a woimba wa ku Zambia Sampa the Great, kunandipatsa mphamvu pa masiku amene mwendo unkakana. Ndinkati ngati mkulu uja akudumphabe pa msinkhu wake, ine ndifike pa geti. Kwa mabanja a Chris, John, Gedeon, Boidi ndi Paul, dziwani kuti abambo anu sanaiwalike.

Chimandiwawa ndi chimodzi, ndipo ndichinena. Zinatengera anthu ochokera kutali kuti apukute fumbi pa chuma chimenechi, pamene kwathu kuno zimbale zambiri zinatayidwa kudzala makaseti atabwera. Mdzukulu wanga anadziwa mawu a Paul Ngozi mu 2024, woimba wa ku Los Angeles, Tyler, the Creator, atatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family n'kuika mu yake. Anabwera kudzandionetsa ngati chinthu chatsopano, ine n'kumutulutsira chimbale chake m'kabati. Sindikudandaula kuti akunja anazikonda, ndikuwathokoza. Koma ana athu, musadikire kuti wa ku Los Angeles akuuzeni zimene zili m'nyumba ya agogo anu. Afunseni akadali moyo, ndipo muwajambule akamafotokoza.

Amene sindinakutchuleni, aneba amene munkatunga madzi ndi kusesa pakhomo, anyamata a kabaza amene munkathamangira mankhwala, anzanga a ku garaja amene munasamala zipangizo zanga, musaone ngati ndakuiwalani. Dzanja latopa, mtima ukadali ndi mayina anu onse.

Mvula ikatha, anthu akakolola, tidzakhala ndi mapemphero othokoza pakhomo pano, ndipo mapemphero akatha tidzatulutsa galamafoni pakhonde. Ana adzakuuzani tsiku. A ku Zambia, malo ogona alipo, musavutike ndi za maloji. Amene muli ndi zimbale za Amanaz kapena za Paul Ngozi mubwere nazo. Ndipo ngati alipo amene akudziwa kumene ndingapeze singano ya galamafoni, ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Lusaka, auze mwana wanga msanga, chifukwa imene ilipoyi yatha ndipo sindikufuna ikande chimbale cha achimwene a ku Kitwe.