Zikomo apongozi anga, ndi nonse amene munandifikitsa pa mzere womalizira

Ndikulemba mawu awa miyendo nditaikweza pa pilo, chifukwa kuyambira dzulo sindikutha kutsika masitepe popanda kugwirira chipupa, ndipo zikhadabo ziwiri za kuphazi lamanzere zada bii moti ndikudziwa kuti zisosoka. Sindikufuna kudikira kuti kutopa kuthe ndisananene zikomo, pakuti ndaona kuti munthu akapuma bwinobwino amayamba kuganiza kuti zonse anachita yekha. Ndamaliza marathoni, makilomita onse 42.195, m'maola 5 ndi mphindi 14, patangopita miyezi 11 chichokere tsiku lija dokotala anandiloza mng'alu pa fupa la msongolo n'kundiuza kuti za kuthamanga ndiziike kaye pambali. Alemekezeke Mulungu amene analumikiza fupa lija, n'kundipatsanso anthu oti andigwire mkono pamene mtima unali utagwa.

Ambiri a inu nkhani ya kuvulala kwanga mukuidziwa, choncho sindiibwereza yonse. Cholakwa chinali changa: m'mwezi umodzi wokha ndinachoka pa makilomita 25 pa sabata kufika pafupifupi 50, chifukwa mpweya unkandikwana ndipo ndinkadzimva wamphamvu. Sindinkadziwa kuti mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito msanga pamene fupa limafuna nthawi yaitali kuti lilimbe, ndiye ukalipanikiza tsiku ndi tsiku osalipumitsa limayamba kung'aluka pang'onopang'ono. X-ray yoyamba sinaonetse kanthu, monga zimachitikira kawirikawiri mng'alu wotere ukakhala watsopano, ndipo ine ndinapitiriza kuthamanga masabata ena awiri ndikutsimphina, mpaka makina ena ounika m'thupi otchedwa MRI anaulula zonse. Zotsatira zake munaziona nokha, ndodo zoyendera, masabata 8 osaloledwa ngakhale kudumpha ngalande, ndi mayi wa ana awiri wongokhala pampando n'kumayang'ana ntchito zikuunjikana.

Amene ndikufuna kuwatchula poyamba, ndipo ndiwatchulanso kangapo, ndi apongozi anga, amayi a amuna anga. Ena mudabwa, chifukwa mukukumbukira kuti pa anthu onse amene ankadana ndi kuthamanga kwanga, iwo ndiwo anali patsogolo. Ankanena mosabisa kuti mkazi amene wabereka kawiri akamathamanga mitunda yotere adziwononga m'kati, ndipo tinasiyanapo mawu kangapo konse. Sindinawasungire chakukhosi, pakuti maganizo amenewa sanali a iwo okha. Mu 1967 ku Boston, mkulu wina wa mpikisano anathamangira Kathrine Switzer pamsewu kuti am'thothole nambala yake ya 261 chifukwa choti anali mkazi, ndipo pa masewera a Olimpiki akazi anayamba kuthamanga marathoni mu 1984 ku Los Angeles, apongozi anga ali kale ndi ana. Choncho tsiku limene ndinabwera kunyumba ndi ndodo ndinali nditakonzekera kumva mawu akuti "ndinanena ine". Iwo anafika madzulo omwewo ndi kachikwama kawo, anandiyang'ana mwendo, anayang'ana ana, kenako anavula juzi n'kupita kukasambitsa wamng'ono. Mawu aja sanawatchule tsiku limenelo, ndipo sanawatchulepo mpaka lero.

Amayi, mwina simudziwa kuti ndinkaona zonse. Ndinkakuonani mukukulunga ayezi m'kathaulo kuti asandiwotche khungu, mukuyang'ana wotchi ya pakhoma kuti mphindi 15 zikakwana muwachotse. Ndinkakumvani m'mbandakucha mukunong'oneza ana kuti avale mwakachetechete mayi awo agone. Usiku wina m'sabata yachisanu, ululu utabwerera pamene ndinkayesa kuti wapita, ndinatenga nsapato zanga zothamangira n'kuziika m'pepala lapulasitiki kuti m'mawa ndikapatse munthu, ndikulira ngati mwana. Inu munalowa, munatenga pepala lija m'manja mwanga osafunsa kanthu, n'kukalibisa kuchipinda kwanu. Munangoti, "Mwana wanga, zinthu sitigawa usiku." Nsapato zija munazitulutsa patapita masabata 4, tsiku limene a mafizo anandilola kuyambanso, mutazichapa ndi kuchotsa timiyala tonse tokanirira kunsi kwake.

Kuyambiranso kunandivuta kuposa kuvulala kwenikweniko. A mafizo anandilembera ndondomeko yoti ndizithamanga mphindi 1 n'kuyenda mphindi 4, kubwereza maulendo 6, masiku atatu okha pa sabata, ndipo anandichenjeza kuti ndikamva ululu pamalo amodzimodzi aja ndisiye pomwepo. Kwa munthu amene anazolowera kuthamanga maola awiri osaima, mphindi imodzi imatha thupi lisanatenthe n'komwe. Apongozi anga anazindikira msanga kuti ndikapita ndekha ndizibera, choncho anauza mdzukulu wawo wamkulu kuti awaphunzitse kuwerengera nthawi pa foni, ndipo kuyambira pamenepo ankakhala pa benchi m'mbali mwa bwalo, foni ili m'manja, magalasi ali pamphuno. Mphindi ikangokwana ankakuwa kuti, "Yakwana, yendani!" mpaka anyamata osewera mpira anazolowera n'kumakuwa nawo. Tsiku lina ndinanamizira kusamva n'kuwonjezera masekondi 20, ndipo nditafika pomwe anakhala anandiimitsa n'kunena mofatsa kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Fupalo ndi lanu, koma ana amene akuliyembekezera ndi athu tonse." Sindinaberenso.

Masabata 18 okonzekera mpikisano anali katundu wa banja lonse, ndipo apa ndiyenera kunena zoona. Loweruka lililonse ndinkatuluka 4:30 m'mawa kukathamanga ulendo wautali, umene unayambira pa makilomita 14 n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka 32, ndipo ndikabwerako ndinkakhala munthu wosathandiza mpaka madzulo. Amuna anga, inu munkapalasa njinga pambali panga mumdima, mabotolo a madzi ali m'chikwama kumsana, nthawi zina mutangoweruka ntchito ya usiku, ndipo tsiku lija tinakangana chifukwa ndinagona pa nthawi yoti tikaone mwana akuimba kusukulu, munali ndi chifukwa chokwiyira. Ndinapepesa pamenepo ndipo ndikupepesanso pamaso pa anthu. Ana anga, mwamva mawu akuti "amayi atopa" kambirimbiri kuposa mmene mwana ayenera kumvera. Koma ngakhale inu bambo simukanakwera njinga ija pakanapanda amayi anu, amene Lachisanu lililonse ankabwera kudzagona kuti ana asadzuke m'nyumba yopanda munthu wamkulu. Masabata 18, ndipo sanaphonyepo ngakhale limodzi, ngakhale sabata ija bondo lawo linatupa.

Anzanga a m'gulu lathu lothamanga, makamaka atatu inu amene mukudzidziwa, zikomo chifukwa chobweza liwiro lanu miyezi yonseyi kuti ndisatsale ndekha m'mbuyo. Ndikudziwa kuti zinakuwonongerani mapulani anu, pakuti munthu wokonzekera mpikisano wake safuna kuthera Loweruka akuyenda pambali pa wochira. Eliud Kipchoge, katswiri wothamanga wa ku Kenya, pamene anathamanga mtunda womwewu m'ola 1, mphindi 59 ndi masekondi 40 ku Vienna mu 2019, anali ndi othamanga 41 osinthanasinthana kum'tsogolera ndi kum'tchinga mphepo. Ine ndinali ndi atatu, opanda malipiro, ndipo anandikwanira. A mafizo, zikomo chifukwa chosanyengerera pamene ndinkakupemphani kuti tidumphe masabata ena. Inunso amene munaima padzuwa kugawa madzi tsiku la mpikisano, sindikudziwani maina, koma mtsikana wa pa kilomita 35 amene anandithira madzi pakhosi osadikira kuti ndipemphe, Mulungu amukumbukire.

Pali ena amene sindingawathokoze, ndipo ndinena kamodzi kokha. Nthawi imene ndinkaika zithunzi za mamendulo pa Facebook munali ambiri ondiyamikira, koma nditagwira ndodo foni inangoti zii. Wina uthenga wake woyamba, ndiponso wotsiriza, unali wofunsa ngati ndingamupatse malo anga mu mpikisano popeza ine sindithamanganso. Ena munkauza apongozi anga kuti mayi wa ana awiri akuthamangira chiyani, poganiza kuti akuvomerezani monga kale. Zimene anakuyankhani anandiuza, ndipo ndazisunga mumtima. Sindikukwiyirani, koma ndinaona.

Tsiku la mpikisano ndinayamba modekha monga tinapanganira, anthu ambiri akundipitirira, ndipo theka loyamba ndinalimaliza m'maola 2 ndi mphindi 29 ndili bwinobwino. Mavuto anayamba nditangodutsa kilomita 31. Othamanga amachitcha khoma: shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amakhala atatsala pang'ono kutha, thupi limayamba kudalira kwambiri mafuta amene sapereka mphamvu mofulumira, ndiye miyendo imalemera ngati wamangiriridwa miyala ndipo maganizo amayamba kukunyengerera kuti ukhale pansi. Zimenezi ndinkaziyembekezera. Chimene sindinachiyembekezere ndi ululu umene unabaya msongolo womwe uja pa kilomita 34. Ndinaima m'mbali mwa msewu manja akunjenjemera, ndinatsitsa sokosi, n'kudina ndi chala pamalo pa mng'alu paja monga a mafizo anandiphunzitsira. Ndinadina kawiri, katatu, ndikupemphera mokweza osasamala ondiona. Pafupa panalibe ululu. Unali mnofu wa pambali umene unakokana. Ndinauwongola pang'ono, ndinamwa madzi a mchere, koma mantha anali atandidula miyendo moti sindinkadziwa kuti ndiyambanso bwanji.

Chimene chinandinyamula pamenepo ndi bwalo lija ndi benchi ija. Ndinadziuza kuti sindikufunika kuthamanga makilomita 8, ndikufunika kuthamanga mphindi imodzi yokha, ndipo mphindi imodzi ndinaiphunzira bwino. Ndinathamanga imodzi n'kuyenda, kenako ziwiri, kenako ndinatembenuza ndondomeko ija n'kumathamanga mphindi 4 ndi kuyenda 1, ndipo nthawi iliyonse wotchi ikalira ndinkamva mawu a apongozi anga m'mutu akuti yakwana, yendani.

Sindinkadziwa kuti iwo ali pamsewu. Tinagwirizana kuti adikire kunyumba chifukwa cha bondo, koma anakakamiza mwana wawo kuti awatenge, ndipo pa kilomita 39, pamene msewu umakhota, ndinawaona ataima pakati pa adzukulu awo awiri, mayi wa zaka 71, dzanja limodzi litagwira mpanda, lina litagwira foni. Ndinamva pambuyo pake kuti anayatsa wotchi ya pa foni pamene mpikisano unayamba ndipo anakana kukhala pansi kwa ola lathunthu poopa kuti ndingadutse osandiona. Nditayandikira ndinali pa mphindi yanga yoyenda, nkhope yonse mchere wokhawokha. Anandiyang'ana mwendo kaye, monga anachitira tsiku loyamba lija, kenako anandiyang'ana kumaso n'kukuwa ndi mawu omwe aja a pabwalo kuti, "Thamangani, mwana wanga, lero sindikuimitsani!" Kuchokera pamenepo mpaka kumapeto sindinayendenso, ndipo sindikudziwa kumene mphamvuzo zinachokera.

Mwana wanga wamkulu anandifunsapo chifukwa chake mtundawu suthera pa 42 ndendende, ndipo tinafufuza limodzi n'kupeza kuti unachokera ku Olimpiki ya ku London mu 1908, pamene njira inayambira ku Windsor Castle n'kukathera m'bwalo la White City, ndipo mu 1921 unakhazikitsidwa kukhala muyezo wa marathoni onse. Mamita 195 otsirizawo ndinawathamanga ndikumukumbukira, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. Atandiveka mendulo ndinakhala pansi pa udzu kudikira banja langa, ndipo atafika ndinaivula n'kuwaveka apongozi anga m'khosi. Anakana kawiri, akuti iwo sanathamange. Kachitatu anangoigwira ndi manja onse awiri n'kutembenukira kumbali kuti ana asaone misozi.

Ambuye, Inu amene mumaona zochitika m'mbandakucha anthu onse ali m'tulo, mukudziwa maulendo amene mayi ameneyu anadzuka chifukwa cha ine, mukudziwa mawu amene anawameza pamene anali ndi ufulu wowanena. Muwabwezere zimene ine sindingathe kubweza. Muchiritse bondo lawo, muwapatse zaka zoti aone adzukulu awo atakula, ndipo ine mundipatse mtima wowasamalira mmene anandisamalirira.

Amayi, Lachitatu ndine amene ndikuperekezeni kukaonetsa bondo lija, ndipo musakanenso ponena kuti ndatopa, chifukwa mwalizengereza miyezi 5 kaamba ka ine. A mafizo anena kuti ndisathamange masabata awiri athunthu kuti thupi libwerere m'malo mwake, ndipo ndawalonjeza kuti ndimvera. M'mawa uno ndinafuna nsapato zanga kuti ndizichape, koma sindinazipeze pakhonde pamene ndinazisiya. Mdzukulu wanu wandiuza kuti mwazitenganso, zili kuchipinda kwanu, ndipo mwati mudzazitulutsa masiku 14 akakwana.